Samu ya (x − 2)(x − 3) = 6 yandidyera malikisi, thandizeni

Tiyamike: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Abale ndithandizeni, lero atibwezera mapepala a test ya masamu ndiye pali samu iyi (x − 2)(x − 3) = 6, ine ndinalemba kuti x − 2 = 6 ndiye x = 8, kenako x − 3 = 6 ndiye x = 9. Andipatsa 0 pa 4, ngakhale ka malikisi kamodzi ka njira osandiponyera. Chalakwika ndi chani poti mabulaketi anali atatiikira kale?

Fatsani: kkkkk inenso ndikanalemba zomwezo, si mmene timapangira masiku onse eti

Mada wa Chanco: Tiya tenga 8 wakoyo umubwezere mu samumo. 8 − 2 ndi 6, 8 − 3 ndi 5, nde 6 × 5 ukupeza zingati

Tiyamike: 30

Mada wa Chanco: Pamene samu ikufuna 6. Uyu 9 ndiye wasocheleratu, 7 × 6 ndi 42

Tiyamike: Chabwino achimwene ndaona kuti sizikugwirizana koma chifukwa chake sindikuchimvabe, mkalasi timagawa mabulaketi chonchi ndipo amatichongera bwinobwino

A Mbewe: Mwaswera bwanji ana anga. Tiyamike, tsegula kope lako uone masamu onse amene anakuchongera aja, kumanja kwa = kuli chani? Upeza kuti kuli 0 paliponse. Nkhani yonse yagona pa 0 ameneyo. Nambala ziwiri ukazitaimusa n'kupeza 0 palibe kuchitira mwina, imodzi mwa izo ndi 0 basi, ndiye ndi chifukwa chake timalimba mtima kulemba kuti bulaketi iyi ndi 0 kapena inayo ndi 0. Koma 6 alibe khalidwe limenelo. 6 akhoza kuchokera ku 1 × 6, ku 2 × 3, ku 12 × ½, ku −2 × −3, njira zake sizitha, ndiye sunganene kuti bulaketi imodzi ikuyenera kukhala 6. Amene anakonza funsoli anakuikirani mabulaketi dala kuti aone amene akudziwa chifukwa chake ndi amene amangotsatira chizolowezi.

Tiyamike: Ooh. Ndiye nditani sir, ndimasule mabulaketiwo?

A Mbewe: Eya masula, kenako ubweretse zonse mbali imodzi kumanja kutsale 0. Lemba tione.

Tiyamike: x² − 5x + 6 = 6, ndikachotsa 6 mbali zonse ikutsala x² − 5x = 0

Fatsani: Apa nde zaphweka, x² = 5x, gawani ndi x mbali zonse x = 5 yatha. Ndipatseni malikisi anga

A Mbewe: Fatsani ndikupatsa theka lokha. Wataya yankho limodzi panjira.

Fatsani: Aaa sir 5 − 2 ndi 3, 5 − 3 ndi 2, 3 × 2 ndi 6 bwanji mukundimana

A Mbewe: 5 ndi wolondola, sindikukana. Koma tayesa x = 0, upeza −2 × −3, ameneyonso ndi 6. Pamene unagawa ndi x paja unali ukulumbira kuti x si 0 chifukwa palibe amene amagawa ndi 0, ndiye yankho limenelo unalithamangitsa wekha osadziwa. Njira yake ndi kutulutsa x panja, x(x − 5) = 0, tsopano kumanja kuli 0 ndiye ukuloledwa kugawa mabulaketi, x = 0 kapena x = 5.

Tiyamike: Iiii samu yaifupi chonchi misampha iwiri

Ndaona: Sir ine ndili fomu 3, za x² yekha ndimazitha koma kukabwera nambala kutsogolo ngati 2x² − 5x − 3 = 0 mutu umaima. Ndimangoyesa mabulaketi mpaka pepala kuda ndi kufufuta

Mada wa Chanco: Ndaona usadzivutitse ndi zongoyesa, loweza fomula basi. x = (−b ± √(b² − 4ac)) / 2a. Imagwira quadratic iliyonse, samu ya mtundu wa ax² + bx + c = 0, yofakitoraizika ndi yosafakitoraizika yomwe. Ine MSCE yonse sindinafakitoraize ngakhale imodzi ndipo ndili pano kkk

A Mbewe: Tiyeni tiyambe tamuyankha mwanayu zimene wafunsa, za fomula tikambirana. Ndaona, palibe zongoyesa. Taimusa nambala yoyamba ndi yomaliza, 2 × −3 = −6. Tsopano funa nambala ziwiri zoti ukazitaimusa zikupatse −6 koma ukaziphatikiza zikupatse ya pakati ija, −5. Ndi ziti?

Ndaona: −2 ndi −3?

Chikondi M: Ayi Ndaona, −2 × −3 ndi +6. Ndi −6 ndi +1

A Mbewe: Wakhoza Chikondi. Ndiye −5x uja timuswa pawiri, 2x² − 6x + x − 3 = 0. Tenga awiriawiri, 2x(x − 3) + 1(x − 3) = 0. Ukaona bulaketi yofanana yatuluka mbali zonse dziwa kuti uli pamsewu, ikapanda kufanana bwerera pali sayini imene waiphonya. Ndiye (2x + 1)(x − 3) = 0, x = −½ kapena x = 3.

Ndaona: +1 uyo kutsogolo kwa bulaketi yachiwiri wachokera kuti sir

A Mbewe: x − 3 palibe chotulutsa, ndiye timatulutsa 1. Ambiri amamusiya n'kumadabwa kuti bulaketi yachiwiri ailemba bwanji.

Mada wa Chanco: Mwaona mizere yonseyo? Ndi fomula a = 2, b = −5, c = −3, pansi pa root 25 + 24 = 49, root yake 7, x = (5 ± 7)/4, 3 ndi −½. Ndatha ndikumwa tiyi inu mukadasakasaka nambala

Fatsani: Team fomula tilipo

Chikondi M: Koma akulu Mada funso likanena kuti solve by factorisation inu n'kugwiritsa fomula sakupatsanitu malikisi a njira, komanso ma algebraic fractions aja oti usimplifaye umafakitoraiza ufune usafune, fomula ilowa pati pamenepo

Mada wa Chanco: Pamenepo ndavomera. Koma ndikukamba zoti uli mu holo nthawi ikutha, invigilator akuti kwatsala 10 minutes, sungayambe kupemphera kuti nambala ziwiri zija zikuonekere

A Mbewe: Mada sukunama, fomula siikana samu. Chimene ndimakana ine ndi choti mwana aidziwe yokhayo ngati nyimbo. Ndachonga makope a ana zaka zambiri ndisanapume, ndipo malikisi amene ndawaona akutayika pa fomula ndi ochuluka kuposa otayika pa mabulaketi, chifukwa fomula ili ndi malo anayi oterera. Woyamba −b pamene b ali kale negetivu. Wachiwiri b² pa kalikuleta. Wachitatu 4ac pamene c ali negetivu. Wachinayi mzere wogawa uja, ana amaufupikitsa n'kugawa root yokha ndi 2a kusiya −b ali payekha. Tiyeni tiyese pompano. Fatsani, x² − 4x − 3 = 0, correct to 2 decimal places. Gwiritsa fomula yakoyo.

Fatsani: Dikirani nditenge Casio kwa mfana wanga

Yamikani Admin: Podikira Fatsani, amene mukutumiza ma link a betting pagulu pano ndikuchotsani osafunsa, gulu ili ndi la masamu

Fatsani: Sir samu yanu ndi yolakwika, ikundipatsa Math ERROR

Mada wa Chanco: kkkkkk wadina chani mfana

Fatsani: root ya −4² − 4 × 1 × −3

Mada wa Chanco: Ndi pomwepo. Kalikuleta ukailembera −4² imayamba yapanga 4² kenako n'kuika mayinasi kutsogolo, imakupatsa −16. Ndiye −16 + 12 = −4, root ya −4 ikukanira. Uzilemba (−4)² ndi mabulaketi, kapena ungodziwa pamtima kuti b² sakhala negetivu olo zitavuta bwanji, ungolemba 16

Fatsani: Ok 16 + 12 = 28, root yake 5.29, nde x = (4 + 5.29)/2 = 4.645 ndi (4 − 5.29)/2 = −0.645, ndiraunde bwanji apa

A Mbewe: Wafulumira kudula. Root ya 28 ndi 5.2915, isunge ndi manambala anayi kapena kuposa mpaka kumapeto. Ukatero upeza 4.6458 ndi −0.6458, ndiye 4.65 ndi −0.65 popanda kukayika. Kudula ndi ntchito ya mzere womaliza wokha.

Tiyamike: Ndiye sir ndingadziwe bwanji kuti iyi ndifakitoraize iyi ayi, poti nthawi zina ndimatha mphindi zambiri ndikusaka nambala zoti kulibe

A Mbewe: Funso labwino kuposa onse amene afunsidwa lero. Choyamba werenga mawu a funso. Akati correct to 2 decimal places kapena 3 significant figures kapena leave your answer in surd form (kusiya root mu ansala, ngati √7), akukuuza mwaulemu kuti mabulaketi sapezeka, usataye nthawi. Chachiwiri ngati sananene kanthu, werengera b² − 4ac pambali. Ikatuluka nambala ngati 1, 4, 9, 16, 25, 36, 49, ya root yopanda zotsalira, samuyo imafakitoraizika. Ya Ndaona ija inatipatsa 49 ndiye mabulaketi anapezeka. Ya Fatsani yatipatsa 28, ukanasaka mpaka mawa osapeza.

Mada wa Chanco: Discriminant imeneyo, ndipo ikuchokera mu fomula yomwe mukuinyozayo sir kkk

A Mbewe: Sindikuinyoza mwana wanga, ndikuti idziwe kumene inabadwira.

Chikondi M: Nanga ikatuluka 0 kapena negetivu yeniyeni osati ya Fatsani ija?

Mada wa Chanco: Ikakhala 0 mayankho awiri aja amakhala nambala imodzi, chitsanzo 4x² − 12x + 9 = 0, 144 − 144 = 0, x = 3/2 basi, ndi (2x − 3)² imeneyo. Ikakhala negetivu ngati x² + 2x + 5 = 0 pomwe 4 − 20 = −16 ku sekondale mumalemba no real roots n'kusiya. Kuno timapitiriza, timati −1 + 2i ndi −1 − 2i, ma complex numbers, koma zimenezo musazilembe pa pepala la MANEB mungawadabwitse ochonga. Langizo langa, pa mayeso ukapeza negetivu pansi pa root uyambe wadzikayikira wekha usanakayikire funso

Mayi a Chifundo: Pepani aphunzitsi ndilowerere, ine ndine kholo ndinalowa pagulu pano chifukwa foni ndi yanga mwana amabwereka madzulo. Chifundo akuti completing the square aphunzitsi ake anaphunzitsa tsiku limodzi iye atadwala malungo ndiye mpaka lero sakuimva, akuti bola angoisiya poti fomula ilipo. Ndimuuze chani? Ine masamu ndinasiyira pa JC kalekale

Fatsani: Mayi muuzeni aisiye, imeneyo ndi ya anthu a ma distinction

A Mbewe: Ayi mayi asaisiye, mupatseni foniyo awerenge izi. Ndiyamba ndi chithunzi chifukwa njirayi inayamba ngati chithunzi isanakhale zilembo. Kunali katswiri wina ku Baghdad dzina lake al-Khwarizmi, cha m'ma 820, ndipo chitsanzo chake chotchuka ndi x² + 10x = 39. Iye ankalemba zonse m'mawu, zizindikiro zathuzi kunalibe. Chifundo tenga pepala ujambule sikweya, mbali iliyonse uitche x, ndiye malo ake ndi x². 10x uja umugawe pawiri, 5x ndi 5x. Jambula rectangle ya 5 mulifupi ndi x mulitali uimate kumanja kwa sikweya, inzake uimate pansi. Zonse zitatu pamodzi ndi 39. Tsopano yang'ana pakona ya kumanja pansi, paperewera kachidutswa kuti chinthu chonsecho chikhale sikweya yaikulu, ndipo kachidutswako ndi 5 kwa 5, 25. Ukakaika, malo onse akhala 39 + 25 = 64, mbali ya sikweya yaikuluyo ndi 8. Koma mbaliyo ndi x + 5. Ndiye x = 3. Lamulo lija loti tenga theka la nambala ya x ulisikweye n'kuphatikiza mbali zonse, ndi kachidutswa ka pakona kameneka, palibenso china.

Mayi a Chifundo: Wajambula, akuti zoona paperewera pakona. Akuseka yekha kuno

Chikondi M: Koma sir (x + 5)² = 64 si ikuyenera kupereka +8 ndi −8? x = −13 ali kuti

A Mbewe: Uli maso Chikondi. −13 ndi yankho ndithu, 169 − 130 = 39. Al-Khwarizmi sankawerengera mayankho a negetivu, mbali ya sikweya singakhale −13. Koma iwe pa mayeso ukasiya ± wataya yankho limodzi ngati mmene anachitira Fatsani muja.

Fatsani: Sir mwandipanga chitsanzo cha zoipa zonse lero

Mada wa Chanco: Pa za negetivu Amwenye anali patsogolo, Brahmagupta analemba kale malamulo a ziro ndi manambala a negetivu mu 628, pafupifupi zaka 200 al-Khwarizmi asanalembe zake. Ndipo a ku Babylon ankathana nawo masamu a mtundu umenewu pa mapale a dongo zaka zoposa 3500 zapitazo. Nde Fatsani anthu analibe Casio koma ankakhoza

Fatsani: Analibenso MANEB

Yamikani Admin: kkkkkk usaiputeputetu ili pompano pa Zomba ikumva

A Mbewe: Tibwerere kwa Chifundo. Samu ya Fatsani ija, x² − 4x − 3 = 0. Pititsa 3 kumanja, x² − 4x = 3. Theka la −4 ndi −2, sikweya yake 4, phatikiza mbali zonse, (x − 2)² = 7. x = 2 ± √7, ndipo √7 ndi 2.6458, 4.65 ndi −0.65 omwe aja. Mizere itatu, palibe Math ERROR. Pamene x² ali yekha ndipo nambala ya x ndi even, njira iyi imaposa fomula liwiro, Mada ukane.

Mada wa Chanco: Pamenepo sindikana. Koma ikani 3 kutsogolo muone mafraction akubadwa

A Mbewe: Tiike. 3x² + 6x − 2 = 0. Usanachite chilichonse gawa zonse ndi 3, zonse ndithu mpaka 2 yemwe, x² + 2x = 2/3. Theka la 2 ndi 1, (x + 1)² = 2/3 + 1 = 5/3. Root ya 5/3 ndi 1.2910, x = 0.29 kapena −2.29. Ana amagwa pa sitepe yoyambayo, amafuna kutenga theka la 6 pamene 3 akadali pa x². Ndipo mayi, chifukwa chenicheni chimene ndikukanira kuti aisiye ndi ichi, mukachita zomwezi pa ax² + bx + c = 0 osaika manambala, kugawa ndi a, kutenga theka la b/a, kusikweya, chimene chimatuluka kumapeto ndi fomula ya Mada ija. 2a wa pansi uja ndi theka lija, b² − 4ac amabwera pophatikiza mafraction a kumanja. Mwana amene wachitapo zimenezi ndi dzanja lake ngakhale kawiri, fomula ikamuthawa mu holo amaipanganso pambali. Woloweza chabe akaiwala ngati ndi 4ac kapena 2ac zake zada.

Mayi a Chifundo: Zikomo kwambiri aphunzitsi Mulungu akudalitseni. Ndamuuza kuti asagone asanalembe zimenezi mu kope

Tiyamike: Sir ine ndayesa kutulutsa fomulayo ndafika pa (x + b/2a)² = b²/4a² − c/a ndaima

Mada wa Chanco: Common denominator ndi 4a², c/a umutaimuse ndi 4a pamwamba ndi pansi akhala 4ac/4a². Ndiye kumanja (b² − 4ac)/4a², root ya 4a² ndi 2a, pititsa b/2a kumanja wamaliza

Tiyamike: Yatulukadi!!! Ine ndimaona ngati inangogwa kumwamba

Mada wa Chanco: Poti lero ndagonja kambiri ndikupatseni kanga kamene sir sanakatchule. Pali mphunzitsi wina wa masamu ku Carnegie Mellon University ku America, Po-Shen Loh, mu 2019 anafalitsa njira yopezera nambala ziwiri zija popanda kuyesayesa. Tengani x² − 20x + 91 = 0. Mayankho awiri akaphatikizidwa apereke 20, akataimusidwa apereke 91. Ngati akupanga 20 ndiye kuti pakati pawo ndi 10, wina ndi 10 − u wina 10 + u. Taimusani, 100 − u² = 91, u² = 9, u = 3. Mayankho 7 ndi 13. Simunafunikire kukumbukira kuti 91 ndi 7 × 13, zimene anthu ambiri sakumbukira, ena amayesa 91 ndi prime

Chikondi M: Eeh iyi nde yokoma. Imagwira ngakhale ya ma surd?

Mada wa Chanco: Imagwira. Ya Fatsani, pakati ndi 2, 4 − u² = −3, u² = 7, 2 ± √7

A Mbewe: Yokoma ndithu, koma taiyang'anitsitsani, theka la 20, kusikweya, kuchotsa 91. Ndi completing the square yomweyo yalowera khomo lina, ndipo mwini wakeyo sanabise kuti zidutswa zake ndi zakale. Za kuphatikiza ndi kutaimusa mayankho zimadziwika ndi dzina la François Viète wa ku France, wa zaka za m'ma 1500. Ine ndingakulangizeni kuti pa mayeso muigwiritse pambali popeza nambala, kenako mulembe mabulaketi (x − 7)(x − 13) = 0 mwa masiku onse, wochonga aone njira imene akuiyembekezera. Komanso muziigwiritsa poyesa ansala. Mayankho awiri ukawaphatikiza apereke −b/a, ukawataimusa apereke c/a. Ya Ndaona, 3 + (−½) = 5/2, 3 × −½ = −3/2, zikugwirizana ndi 2x² − 5x − 3. Ya ma decimal, 4.65 − 0.65 = 4. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe ndipo sayini yolakwika imagwidwa pomwepo.

Ndaona: Za graph bwanji, ifenso tayamba sabata ino

Fatsani: Graph nde malikisi aulere bola pensulo yosongoka

A Mbewe: Aulere kwa amene walemba table bwino. y = x² − 2x − 3 kuyambira x = −2 mpaka 4 ikupatsa 5, 0, −3, −4, −3, 0, 5. Taona mmene manambala akubwererera mofanana mbali zonse za −4, akapanda kutero pali pamene walakwitsa, kawirikawiri pa x wa negetivu. Lumikiza ndi dzanja mokhota bwino, osati ndi rula, ndipo pansi pakhale pozungulira osati posongoka. Pamene yadula x-axis, −1 ndi 3, ndiwo mayankho a x² − 2x − 3 = 0. Gawo limene limagwetsa anthu ndi lotsatira, akati use your graph to solve x² − 3x − 4 = 0. Usajambule curve ina. Chotsa equation yatsopanoyo ku ya graph yako, (x² − 2x − 3) − (x² − 3x − 4) = x + 1. Jambula mzere y = x + 1 pa graph yomweyo, pamene wakumana ndi curve werenga ma x, −1 ndi 4. Ukaisova ndi fomula n'kungolemba ansala popanda mzerewo sunayankhe zimene afunsa.

Ndaona: Ndasevera message imeneyi sir

Yamikani Admin: A Mbewe tisiyireni ya homuweki musanapite, ya mawu, poti ndi imene anthu amaithawa

A Mbewe: Nayi. Mnyamata wa kabaza wapalasa mtunda wa makilomita 60. Akanawonjezera liwiro lake ndi 5 km/h akanafika ola limodzi msanga. Ankathamanga bwanji?

Fatsani: Wa kabaza wake uti wopalasa 60 km sir, ameneyo akwere minibus basi

Chikondi M: Amene amabweretsa makala mtauni muno mmamawa uja umadziwa kumene achokera iwe? Khala chete tiwerengere

Tiyamike: Ndayesa. Liwiro ndi v, nthawi ndi 60/v, akawonjezera ndi 60/(v + 5). Ndiye 60/(v + 5) − 60/v = 1?

Mada wa Chanco: Tiya nthawi yaitali ndi iti, pamene akupalasa pang'onopang'ono kapena mothamanga

Tiyamike: Pang'onopang'ono. Ooh ndiye yaikulu iyambe, 60/v − 60/(v + 5) = 1. Ndataimusa zonse ndi v(v + 5), 60(v + 5) − 60v = v(v + 5), kumanzere kwatsala 300. v² + 5v − 300 = 0

Fatsani: 25 + 1200 = 1225, root yake 35 ndendende ndiye imafakitoraizika. Koma ine ndapita ndi fomula yanga, (−5 ± 35)/2, 15 ndi −20

Chikondi M: (v + 20)(v − 15) = 0 zomwezo

A Mbewe: Nonse mwafika. Koma yankho lomaliza mulemba chani?

Fatsani: 15 kapena −20, ulendo uno sinditayanso yankho sir

A Mbewe: Ulendo uno ndi pamene uyenera kutaya limodzi, koma ulitaye poyera. Lemba onse awiri kenako unene kuti liwiro silingakhale negetivu, ndiye 15 km/h, ndi ma units omwe. Yesa, 60/15 ndi maola 4, 60/20 ndi maola 3, kusiyana ola limodzi.

Fatsani: Masamu alibe chilungamo, ndikataya mukundidula ndikasunga mukundidulanso. Chaka chatha ndinapeza 8, chaka chino ndikungofuna 6 yokha ndipeze credit ndizipita

Mada wa Chanco: 6 uipeza mfana bola (−4)² uziika mu bulaketi

Mayi a Chifundo: Aphunzitsi Chifundo akufunsa kuti 2x² − 6x + 1 = 0 akagawa ndi 2 akupeza theka la 3 ndiye akuti asinthe kukhala 1.5 kapena asiye 3/2

A Mbewe: Asiye 3/2 mayi, sikweya yake 9/4, achotse ½ apeza 7/4, ndipo root ya 4 wa pansiyo ndi 2 yosavuta. Amalize yekha atumize chithunzi cha kope, ndichonga mawa mmawa ndikachoka ku munda. Ine batire yatsala 4% ndipo kuno ku Matawale magetsi kulibe.

Yamikani Admin: Zikomo sir. Loweruka 3 koloko masana tili pa simultaneous ya linear ndi quadratic, aliyense abwere ndi funso limodzi la mu past paper osati kungowerenga za anzanu mwakachetechete, tikukuonani anthu 40 muli online

Ndaona: Mada ndatumiza ku inbox ya 6x² + x − 12, ndapeza 9 ndi −8 koma mabulaketi sakufanana

Mada wa Chanco: Nambala zili bho, vuto pa awiri omaliza watulutsa +4 mmalo mwa −4. −8x − 12 ndi −4(2x + 3), yesanso